Kilachi ya Honda CG125 yakale ikamaterereka: kupeza vuto ndi kusintha mapuleti

Munthu akabwera ndi njinga yamoto n'kunena kuti "magiya akuterereka", sindithamangira sipanala. Mawu amenewa amabisa matenda atatu osiyana, ndipo awiri mwa iwo sakhudza n'komwe mapuleti a kilachi, chida chimene chimalumikiza ndi kulekanitsa injini ndi magiya. Njinga imene ndikufotokoza ndi Honda CG125 yakale, ija inayamba kupangidwa mu 1975, ya silinda imodzi, yoliza ndi kiki. Injini zambiri za 125 zochokera ku China zimene zadzaza m'misewu ya Harare zinatengera pa yomweyi, choncho zambiri zimene ndinene zigwiranso ntchito kumeneko.

Ndimayamba ndi kuikwera mpaka injini itatentha, chifukwa kilachi yotopa ina imagwira bwinobwino m'mawa n'kudzaonetsa khalidwe lake masana. Kenako ndimafuna kamtunda, ndimaika giya yomaliza njinga ikuyenda pang'onopang'ono, cha m'ma makilomita 40 pa ola, n'kupatsa moto wonse nthawi imodzi. Apa khutu ndiye dokotala. Injini ikakwera kulira mosalala koma liwiro osasintha, ngati munthu wothamanga pamatope, imeneyo ndi kilachi. Ikamveka "gu!" giya n'kuchoka yokha, injini n'kukuwa ngati ili mu nyutirolo, makamaka pa giya imodzimodziyo nthawi zonse, vuto lili m'magiya. Kumbuyo kukamamveka "kha-kha-kha" njinga ikudzutuka, yang'anani sipuroketi, gudumu la mano limene tcheni chimayendapo: mano ake akhala atapindika ngati mbedza ndipo tcheni chikulumpha. Palinso china chimene chimasokoneza anthu kuno. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, mpweya ndi wopepuka, ndiye ka 125 kakale kamafooka pachitunda mwachibadwa. Ngati kulira kwa injini kukutsika limodzi ndi liwiro, kilachi musaiimbe mlandu.

Pa CG muli mboni inanso. Kiki yake imadutsira m'kilachi, n'chifukwa chake mukakoka liva n'kuponda kiki imangotsika yopepuka. Ngati ikuchita zomwezo liva musanaikhudze, kapena ikumagwira n'kuphonya, mapuleti afika pothera.

Njinga iyi inaonetsa kilachi poyera. Komabe sindinatsegule injini ndisanaone zinthu ziwiri zosalira ndalama.

Choyamba ndi kebulo. Kunsonga kwa liva payenera kukhala kulefuka kwa mamilimita 10 mpaka 20 kebulo isanayambe kukoka. Anthu ambiri amaimangitsa kuti izimveka yolimba m'dzanja, osadziwa kuti akatero mapuleti sakupanikizana mokwanira, ngati kuti chala chili pa liva ulendo wonse. Ndimamasula pa liva ndi kumunsi pafupi ndi kamkono ka pa injini, n'kuona ngati kamkonoko kakubwerera kokha mpaka kumapeto. Fumbi la mu September ndi October limalowa m'kebulo n'kuiumitsa, ndipo waya wina amakhala atathothoka m'kati mosaoneka. Tembenuzaninso handulo uku ndi uku: kulefuka kuja kukamatha mukakhotera mbali imodzi, kebulo yadutsa polakwika.

Chachiwiri ndi oilo, ndipo apa ndiye pamene njinga zambiri zakale zimafera. Kilachi ya CG imasambira mu oilo yemweyo wa injini. Oilo wambiri wa galimoto zamakono amaikamo mankhwala ochepetsa kukhulana, amene galimoto imawakonda koma mapuleti a njinga amaterereka nawo. Chimodzimodzinso tizibotolo tija tothira m'injini kuti isamafuke utsi. Pa chigubu pakhale polembedwa JASO MA kapena MA2, chizindikiro cha oilo woyenera kilachi yotereyi. Ya MB ndi ya ma scooter, isiyeni. Ine ndimathira 20W-50 m'injini zokalamba ngati iyi chifukwa cha kutentha kwa kuno. Ngati oilo wolakwikayo wangokhalamo masiku ochepa, kusintha kokha kumatha kuchiza. Akakhalitsa, mapuleti amachita galasi ndipo sabwereranso.

Kebulo inali bwino, oilo watsopano sanasinthe kanthu. Basi, kutsegula.

Musagule zida musanatulutse zakale. Mapuleti a CG amafanana pamaso koma makulidwe ndi chiwerengero chake zimasiyana pakati pa 125 ndi 150, ndiye ndimanyamula puleti limodzi la mtundu uliwonse ndi sipulingi imodzi m'thumba popita kukafunafuna, kaya ku Siyaso ku Mbare, ku Gazaland ku Highfield kapena m'masitolo a m'tauni. M'njinga iyi munatuluka mapuleti asanu okhala ndi zikhakha (tizigamba togwira tomatidwa pa puleti), anayi achitsulo chosalala ndi masipulingi anayi. Onjezerani gasiketi ya chivindikiro chakumanja ndi lita imodzi ya oilo. Pa zipangizo pafunika masoketi a 8, 10 ndi 24, impact driver (sikuludiraiva yomenya ndi hamala), pulayasi ya circlip (kamphete kotsekera pa shafiti), vernier (choyezera makulidwe), feeler gauge (timalata topyapyala toyezera mpata), kagalasi kosalala, ndi soketi ija ya mano anayi yomasulira nati ya sefa ya oilo. Yotsirizayi ngati mulibe, bwerekani kapena dulani soketi yakale ndi tupa isiye mano anayi. Ena amagogoda natiyo ndi chizulo, koma imaphwanyika ndipo nkhonya zonsezo zimathera m'mabeyaringi a crankshaft, shafiti yaikulu imene pisitoni imazungulitsa.

Oilo ndimakhetsa injini ikadali yofunda. Chotsekera oilo, chomasula ndi soketi ya 24, chili kumunsi mbali ya kumanzere, ndipo kuseri kwake kuli sipulingi ndi kasefa kawaya kooneka ngati kachipewa. Tsukani kasefako ndi palafini. Chotsekeracho ndi cha aluminiyamu, chimang'aluka msanga, ndiye pobwezera musachiumirize. Nunkhizani oilo wotulukayo: wa kilachi yopsa amamveka ngati nsima yopserera.

Kumanja ndimachotsa kiki, nditalemba kachizindikiro pa shafiti kuti idzabwerere pomwe inali, kenako chopondapo, ekizozi ndi kebulo. Masikulu a chivindikiro pa njinga zakalezi ndi amutu wamtanda, ndipo sikuludiraiva wamba amangowadya mitu. Impact driver ndi hamala ndiye mankhwala ake. Satalika mofanana, choncho ndimajambula chivindikiro pa katoni n'kumabaya sikulu iliyonse pamalo pake. Chivindikiro chikakakamira, gogodani ndi mtengo m'mphepete. Musalowetse sikuludiraiva pakati, mudzadontha oilo mpaka kalekale. Pochikoka, chala chachikulu chikhale chikukankha shafiti ya kiki kuti isatuluke nacho. Samalani timachubu tiwiri tolondolera chivindikiro, washala wa pa shafiti ya kiki, ndi kachitsulo kakang'ono kokankha pakati pa kilachi, kamene kamakonda kugwera mu beseni la oilo osamveka.

Kutsogolo kwa kilachi kuli chinthu chooneka ngati kapu, chili kumapeto kwa crankshaft. Imeneyo ndiyo sefa yeniyeni ya injiniyi: imazungulira n'kumaponyera zinyalala m'mbali. Iyenera kuchoka chifukwa imatchinga kilachi. Masulani masikulu atatu a chivindikiro chake, ndipo musadabwe kupeza dothi lakuda lolimba ngati phula. Eni njinga ambiri sadziwa n'komwe kuti kuli sefa kumeneku. Palani zonse. Kuti injini isazungulire pomasula nati ya mano anayi, ndimapanikiza kachidutswa ka aluminiyamu kapena kopa pakati pa mano a giya ya crankshaft ndi ya kilachi. Chitsulo cholimba ayi, chimabenthula mano. Pansi pa natiyo pali washala wopindika wolembedwa OUTSIDE, ndipo mawuwo ayang'ane kwa inu pobwezera.

Mabawuti anayi a masipulingi a kilachi amamasulidwa pang'onopang'ono modumphitsa, ili kenako la moyang'anana nalo, theka la kuzungulira nthawi iliyonse. Mukamasula limodzi mpaka kutha, kambale kogwira masipulingi kamapendama n'kusweka. Kakachoka, tulutsani circlip pa shafiti, kenako kokani chapakati (chitsulo cha mizere chimene mapuleti amakhalapo), mapuleti onse ndi mbale yopanikiza ngati mtolo umodzi.

Tsopano kuyeza, ndipo apa musafulumire. Puleti la zikhakha latsopano limakhala mamilimita 2.9 mpaka 3.0, ndipo likafika 2.6 latha. Yezani malo atatu kapena anayi pa lililonse. A njinga iyi anali pa 2.5, akuda, osalala ngati mbale yadothi. Puleti likhoza kukhala lonenepa bwino koma litauma n'kuchita galasi: chikhadabo chikamangotsetsereka osasiya kanthu, tayani. Achitsulo ndimawagoneka pagalasi n'kuyesa kulowetsa feeler gauge ya 0.2 pansi pake mozungulira. Ikalowa, lapindika. Amene achita mabala abuluu anapsa, ndipo kawirikawiri amakhala opindikanso. Amene ali owongoka ndimangowakhula pang'ono ndi sandipepa wosalala, mozungulira, n'kuwatsuka.

Masipulingi ndi amene anthu amawaiwala. Yatsopano ndi mamilimita 35.5, ndipo malire ake ndi 34.2. Kusiyana kumeneku ndi maso simungakuone, koma sipulingi ya zaka makumi anayi imene yakhala ikuphikidwa mu oilo wotentha ilibenso mphamvu. Awa anali pa 33.8. Mukaika mapuleti atsopano pa masipulingi otopa, njinga imagwira miyezi iwiri n'kuyambiranso, inu n'kumati munagula mapuleti achinyengo. Za kuika mawashala pansi pa masipulingi kuti alimbe, zimenezo ndi zofikira nazo kunyumba usiku basi. Sinthani onse anayi.

Yang'ananinso basket, chibale chachikulu chokhala ndi zala chimene chatsala pa shafiti. Makutu a mapuleti amadya zalazo n'kusiya timakwerero. Mapuleti akamakodwa m'menemo kilachi imagwira mwadzidzidzi kapena imakana kulekana, nyutirolo n'kumavuta kupeza. Timakwerero tosazama timatha ndi tupa, bola mupale mofanana zala zonse ndi kuphimba injini ndi nsanza kuti zipalapala zisalowe. Tozama, funani basket ina.

Amene vuto lawo linali giya yochoka yokha ija, mwayi wanu ndi uno. Chotsani washala wamano, kokani basket, ndipo kuseri kwake mupeza kachitsulo kooneka ngati nyenyezi ndi kamkono ka sipulingi kokhala ndi kagudumu kamene kamagwira giya pamalo. Bawuti ya nyenyeziyo ikakhwefuka, kapena sipulingi ikathyoka, giya imalumpha, ndipo ntchito yake ndi ya mphindi zochepa. Mukapeza zonsezo zili bwino, ndiye kuti mano olumikiza magiya aphwanyika m'kati kapena foloko yosuntha magiya yapindika. Pamenepo injini iyenera kutsika ndi kugawidwa pakati, ntchito ya tsiku lina.

Mapuleti atsopano a zikhakha ndimawaviika mu oilo yemwe ndithire m'injini, usiku wonse ngati nthawi ilipo, apo ayi maola angapo. Ouma amapsa tsiku loyamba lomwe. Posanja mumayamba ndi la zikhakha, kenako lachitsulo, mosinthanasinthana, n'kumalizanso ndi la zikhakha. Achitsulo ali ndi mbali yakuthwa ndi yoburungira, ndipo onse ayang'ane kumodzi. Ndimasanjira patebulo, n'kuonetsetsa kuti mano a mbale yopanikiza alowa m'mizere ya chapakati mpaka pansi. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri n'chimenechi: mbaleyo yakhala pamwamba pa mano, munthu n'kumanga mabawuti, kenako "tswa!", kapena kilachi yatsopano osagwira n'komwe. Mtolo wosanjika bwino sukhala ndi mpata mukaupanikiza ndi manja. Kuti makutu asasokonekere polowetsa mu basket, ndimamanga masipulingi awiri ndi mawashala pang'ono chabe ndi zala.

Circlip ilowe mumzere wake ponseponse, mbali yakuthwa iyang'ane kunja. Yakale ikaoneka yotambasuka, gulani ina. Mabawuti anayi aja amamangidwanso modumphitsa, mpaka 10 kapena 12 Nm basi (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira). Amalowa m'timizati ta aluminiyamu, ndiye kwa amene mulibe torque wrench (sipanala yoyeza mphamvuyo), gwirani sipanala pafupi ndi mutu wake, bawuti ikakhala pansi muonjezere pang'ono n'kusiya. Nati ya sefa ndiyo imafuna mphamvu, 40 mpaka 50 Nm.

Pa gasiketi ndimaumapo mtima. Palani yakale yonse osakanda chitsulo, ikani yatsopano youma kapena yopaka kagirizi pang'ono, ndipo silikoni asayandikire. M'chivindikiro chimenechi muli njira ya oilo yopita ku crankshaft kudzera pakati pa sefa ija, pamene pali kachubu kakang'ono ka sipulingi. Kadinikizeni ndi chala muone ngati kakubwerera. Kachidutswa kamodzi ka silikoni kakatseka njirayo, mudzakhala mwakonza kilachi n'kupha injini. Kachitsulo kokankha kaja ndimakamata ndi girizi kuti kasagwe potseka.

Thirani oilo, lizani injini mphindi ziwiri, zimitsani, dikirani pang'ono, n'kuyeza njinga itaima chilili. Choyezera oilo chimangokhazikidwa pakamwa pa bowo lake osachipotokola. Bwezerani kulefuka kwa mamilimita 10 mpaka 20 pa liva, kuyambira kumunsi, kuti pa liva patsale malo osinthira pamsewu. Ulendo woyamba giya yoyamba ikhoza kulowa ndi kaphokoso chifukwa mapuleti amatirirana ndi oilo, zimatha zokha injini ikatentha. Ndinabwerera pa kamtunda komwe kaja, giya yomaliza, moto wonse: injini inabuula n'kukoka, kulira ndi liwiro zikukwera pamodzi. Mapuleti atsopano amakhazikika m'masiku oyambirira ndipo kulefuka kwa liva kumasintha, choncho pakatha sabata yezaninso kebulo ndi kuyang'ana pansi pa chivindikiro ngati pali chinyezi cha oilo.