Mawu othokoza onse amene sanalole kuti gulu lathu life

M'malo mwa anzanga onse a m'gulu lathu loyimba, ndikuthokoza anthu amene anatigwira dzanja mpaka takweranso pansanja ya chikondwerero cha Tumaini ku Dzaleka, m'boma la Dowa, patapita nthawi yaitali tili obalalika.

M'gulu mwathu muli Amalawi komanso anzathu ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ndipo kale tinkakonzekera nyimbo ku Lilongwe. Mu 2023, pamene othawa kwawo okhala m'matauni anauzidwa kuti abwerere kumsasa, woyimba gitala ndi omenya ng'oma athu anasamuka mwadzidzidzi, zida zina zinatsala m'tauni, moti ambiri ankati gululi latha basi.

Abusa amene munatibwereka chipinda cha tchalitchi chanu kumsasa kuja, osafunsa kuti aliyense wa ife amapemphera kuti, Mulungu akudalitseni. M'chipinda chimenecho ndi mmene gitala ya rumba inaphunzira kuyendera limodzi ndi ng'oma zachirundi, zomwe zimagunda mpaka malata kunjenjemera, ndipo ndi mmenenso tinkakangana mpaka dzuwa kulowa posankha ndime yoyimbidwa m'Chichewa, m'Chiswahili kapena m'Chilingala. Mtendere umene timauyimba pansanja unayambira m'mikangano imeneyo, chifukwa munthu wokana kupereka mpata kwa mnzake sangamalize nyimbo ngakhale imodzi.

Amayi athu amene munkatiphikira, mukuika nsima ndi chapati pa mphasa imodzi, simunalandire khobiri lililonse, koma popanda inu tikanabwerera m'njira. Tikuthokozanso anyamata a kabaza amene ankanyamula masipika m'fumbi, bambo amene anatibwereka jenereta magetsi atazima, ndiponso mafumu a midzi yozungulira amene anabwera ndi anthu awo kudzavina pamodzi ndi alendo.

Ulemu wapadera upite kwa a Menes La Plume, amene anayambitsa chikondwererochi mu 2014, ndi onse ogwira nawo ntchito. Malo amene kale anali ndende ya andale, n'kusanduka msasa wa othawa kwawo mu 1994, lero amalandira anthu ochokera kutali odzamvera nyimbo osalipira pakhomo.

Tikupitiriza kukonzekera nyimbo Loweruka lililonse masana, ndipo wachinyamata aliyense wa kumsasa kapena wa m'midzi yoyandikira amene akufuna kuphunzira gitala kapena ng'oma abwere, malo alipo.