Khola la kamba wa agogo

Loweruka. Njerwa zinabwera dzulo pangolo, ndiye lero tinalawirira kukumba maziko dzuwa la kuno ku Balaka lisanakwiye. Kambayu anali wa agogo aamuna. Chimwalirire iwo wakhala akungodziyendera pabwalo, koma masiku ano agalu achuluka m'mudzi, ndipo sabata yatha tinamupeza chagada kuseri kwa bafa, m'mphepete mwa chigoba muli zipsera za mano.

Amalume anafika ndi nzeru zawo. "Mphwanga, njerwa zonsezi n'zachiyani? Boola chigobacho kumbuyo umangepo waya, basi." Ndinakana mwaulemu, koma mumtima munandiwawa, chifukwa ndi mmene ambiri amachitira. Chigoba cha kamba ndi fupa lamoyo. Msana ndi nthiti zake n'zolumikizana nacho, ndipo muli magazi ndi mitsempha. Akamamuboola amamva ululu, kungoti kamba salira.

Mmisiri naye ankati tingozunguliza waya wa nkhuku, zithe msanga. Vuto lake n'lakuti kamba akamaona kunja sagonja. Amakankha wayayo tsiku lonse mpaka kudzicheka miyendo ndi khosi, mwinanso kukwera ndi zikhadabo n'kugwa chagada. Kamba wogadabuka pa dzuwa la Okutobala, palibe womutembenuza, sachedwa kufa. Choncho tamanga khoma losaonekera kunja, mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi, kutalika pafupifupi theka la mita. Pa makona ndi pamene tinalimbana kwambiri. Mmisiri amafuna akuthwa monga a nyumba, ine n'kumuuza kuti, "Bambo, pakona ndi pamene amapeza popondera mbali zonse ziwiri." Mapeto ake anawapinda mokhota, ndipo anaoneka bwino ndithu.

Pansi sitinaike simenti. Wathuyu ndi wa mtundu wa mawanga akuda pa chikasu, womwe azungu amati leopard tortoise, ndipo chakudya chake chenicheni ndi udzu. Tinasankha malo omwe pali kapinga kale, mbali ina pansi pa mtengo wa mango, mbali ina poyera. Dzuwa la m'mawa amalifuna kuti thupi litenthe ayambe kudya, komanso ndi lomwe limathandiza kuti kashiamu alowe m'mafupa, chigoba chilimbe. Ikakwana 10 koloko amafuna pobisala. Tamumangira kanyumba kofolera ndi udzu, m'kati tayalamo masamba ouma. Malata ayi, angamuwotche. Mango akayamba kugwa tidzayenera kumatola m'mawa uliwonse, chifukwa zipatso zambiri zimamutsegula m'mimba.

Pomwera tinakwirira phale lalikulu la mbiya yosweka, kamwa lake lofanana ndi nthaka, losazama, kuti azilowamo n'kutuluka yekha.

Itakwana nthawi yomusamutsa, mwana wa achemwali anathamangira kukamunyamula m'mwamba, ndipo kamba anamuthira madzi malaya onse. Amalume anaseka mpaka misozi: "Paja kamba amanyera yemwe wamtola!" Ana nawo anafa nazo. Koma ndinawakhazika pansi n'kuwafotokozera kuti madzi amenewo ndi nkhokwe yake ya chilimwe. Amawasunga m'thupi kwa nthawi yaitali, ndipo akawataya chifukwa cha mantha mwezi ngati uno, wa kuthengo amatha kufa ndi ludzu. Tinamuika m'phale muja, anamiza mutu n'kumwa mosafulumira.

Kenaka anayamba kuyendera malire. Anazungulira khoma lonse, pakona iliyonse n'kuimirira kuyesa kukwera, n'kutsetsereka. Chakumadzulo tinamuona akubudula kapinga ndi chisoso chomwe tinamuthyolera. Ndamuikiranso fupa lakale louma, poti akamba amakonda kuliwengula pofuna kashiamu.

Chatsala ndi chivundikiro cha waya wolimba pamwamba, chifukwa khoma la theka la mita galu amangolilumpha. Usiku uno kamba agona m'khitchini monga kale. Udzu wozungulira kunja kwa khola tiulambula mawa, kuopa moto wolusa ndi linthumbu.

Wina wa pamsika wandifunsa kale kuti ndimupezere wake. Ndamuuza kuti asatole wa kuthengo. Kamba ndi nyama yakutchire, ndipo kuisunga kumafuna chilolezo cha boma. Inenso Lolemba ndikwera minibasi kukaonana ndi a nthambi yoona za nyama zakutchire, kuti wa agogoyu akhale ndi mapepala ake.