Tsiku la 11 ku Mystery Lake, ndipo moto sunazime

Usiku wathawu, cha m'ma 11 koloko, munthu wanga wa mu The Long Dark, gemu ya pakompyuta yoyesetsa kukhala ndi moyo m'dera lozizira koopsa, wadzuka m'chipinda chapamwamba cha Camp Office, nyumba ya m'dera la Mystery Lake, tsiku la 11 ali moyo. Condition, ndiye kuti thanzi lake, ili pa 84 peresenti, m'chikwama muli madzi owiritsa malita 3, nyama ya gwape ndaiyala pa sinowo panja pa khomo. Akuluakulu amene munadutsa kale masiku 200 pa Interloper, mulingo wovuta kwambiri, mudziwa kuti apa m'poyambira chabe, koma ine ndatha milungu itatu ndikufera pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, pa Voyageur pomwepa, mulingo wapakati chabe, ndipo maulendo asanu onsewo chondipha chinali chimodzi. Mtima wanga wadzaza, n'chifukwa chake ndalemba ndisanagone.

Gemuyi anandigulira ndi msuweni wanga wa ku Joni, ananditumizira ngati mphatso pa Steam kumapeto kwa Juni. Ndinaidawuniloda ndi bandulo ya usiku, masiku awiri. Wintermute, mbali ya gemuyi yotsata nkhani ya munthu wotchedwa Will Mackenzie, sindinaikhudze n'komwe, ndinangolowa Survival, mbali yongoona kuti ukhala moyo masiku angati, chifukwa ndi imene msuweniyo ankandiuza. Anandichenjeza kuti ukafa, sevu yonse imafufutika. Ndinamva, koma tanthauzo lake ndinalidziwa nditaona masiku anayi a ntchito yanga atapita osabwerera.

Vuto langa linali loti maso anga ankangokhala pa njala. Pa timizere tinayi timene gemu imaonetsa, kutentha, kutopa, ludzu ndi chakudya, ine ndinkaopa ka m'mimba. Kakangotsika pang'ono, basi ndatuluka kukasaka, kaya ndi m'mawa kaya kunja kukuoneka bwanji. Tinakula tikudziwa kuti njala ndiye mdani wamkulu, ndiye ndinalowa nawo maganizo amenewo pa Great Bear Island, chilumba cha mu gemuyi. Kumeneko njala imadya condition pang'onopang'ono kwambiri, munthu ukhoza kugona nayo n'kudzuka. Kuzizira ndiko kumakumaliza m'maola ochepa. Ndipo nthawi imene ndinkakonda kutuluka, m'mamawa dzuwa likungotuluka, ndiyo yozizira kuposa nthawi ina iliyonse pa tsiku. Kumayamba kufunda masana kupita kumadzulo.

Koma ngakhale nditazindikira zimenezo, ndinafabe kawiri, ndipo apa ndi pamene panandidyera masiku.

Imfa yachinayi ndikuikumbukira bwino. Ndinachoka ku Camp Office kulowera ku Carter Hydro Dam potsata njanji, ndinachedwa ndi kufufuza m'mabogi a sitima yogwa ija, mdima n'kundipeza panjira. Ndinati palibe vuto, nkhuni ndili nazo. Ndinasonkha moto pambali pa njanji, pamtetete, ndinaponyapo nkhuni ziwiri za mtengo wa cedar ndi timitengo tonse ndinatola. Nambala inasonyeza kuti moto ukhala maola oposa atatu. Ndinayala bedroll, chogonera chonyamula, ndinasankha kugona maola atatu. Podzuka moto unali phulusa lokhalokha, kunja kuli chimphepo cha sinowo, chinthu chili patsogolo pako osachiona, condition yatsika kupitirira theka. Ndinayesa kuyatsanso, gemu n'kundikaniza kuti mphepo yachuluka. Ndinayenda mwachimbulimbuli kufuna njanji, sindinaipeze. Ndinafera pakati pa mitengo, mwina pafupi kwambiri ndi pothawira.

Ndinaganiza kuti nkhuni zinachepa. Ulendo wachisanu ndinatola nkhuni ngati wokonzekera maliro, mpaka chikwama chinapitirira makilogalamu 30 amene munthu amatha kunyamula osalemedwa, munthu wanga n'kumayenda mokwawa. Ndinasonkha moto wa maola asanu ndi awiri kuseri kwa thanthwe m'mphepete mwa nyanja. Zinachitikanso chimodzimodzi. Usiku umenewo ndinatseka laputopu ndili wokhumudwa zedi, ndipo masiku atatu sindinaitsegule gemuyo.

Yankho linandipeza pa khonde la kwathu ku Chibavi. Mwezi wa Julaye uno ku Mzuzu mukudziwa mmene kukuchitira, nkhungu m'mawa, kamvula kowaza kosatha, manja kuchita kuuma ukamatsuka mbale. Mlongo wanga wamng'ono ankakoleza mbaula, ndipo monga timachitira tonse, anainyamula n'kukaiika pakona ya nyumba pamene pamawomba mphepo kuti makala agwire msanga. Ndinaima n'kumayang'ana makalawo akufiira mbali imene mphepo ikuchokera. Iye anati, "Achimwene, mwaima ngati mwaona njoka bwanji? Tabwerani muwothe." Pamenepo m'pamene zinandilowa m'mutu. Kwathu kuno mphepo ndi bwenzi la moto, timaifunafuna, ikasowa timapemerera ndi chivundikiro cha poto. Moyo wanga wonse sindinaganizepo zobisa moto kwa mphepo, ndiye mu gemu ndinkangosonkha paliponse pamene ndaima.

Ndinabwerera, ndinayamba sevu yatsopano, ndipo tsiku loyamba lonse ndinalipereka ku kuyesa. Ndinasonkha moto pamtetete pafupi ndi Camp Office, n'kukhala osagona, kumangoyang'ana nambala. Mphepo itakula, malawi anayamba kupendekera mbali imodzi, ndipo nthawi imene inali yoposa ola inagwa kamodzi n'kamodzi kufika pa mphindi zowerengeka. Ndinaponyapo nkhuni ina, nambala osakwera monga mwa masiku onse, nkhuniyo yangopita pachabe. Ndiye kuti usiku uja nkhuni zanga za maola asanu ndi awiri sizinapse n'komwe mpaka kumapeto, mphepo inangozifafaniza. Thanthwe lija linanditeteza pamene ndinkagona, koma mphepo ya mu gemuyi imatembenuka, ndipo itachokera mbali ya kunyanja moto unali pambalambanda.

Pali kachizindikiro kakang'ono kamene kamaoneka pamwamba pa sikirini ukaima pamalo obisika ku mphepo. Milungu itatu yonse ndinkakaona kakubwera n'kuchoka, osadziwa kuti kakunena chiyani. Panja pa Camp Office palinso mbendera ya Canada, ndipo tsopano ndisanapite kulikonse ndimayamba ndaiyang'ana. Ikangolendewera, ndinyamuka. Ikatambasuka n'kumakupiza mwamphamvu, ndibwerera m'nyumba kukasoka zovala.

China chimene ndinachimvetsa tsiku lomwelo ndi nambala ya Feels Like. Ine ndinkaona ngati moto ukayaka ndiye kuti wafunda basi. Ayi. Gemu imatenga kuzizira kwa mpweya, kuwonjezera kwa mphepo, n'kuchotsapo zimene zovala zako zikukupatsa, ndiyeno kutentha kwa moto. Zonsezi zikaphatikizidwa n'kukhalabe pansi pa ziro, ukuzizidwabe ngakhale uli pamoto penipeni. Ndipo nkhuni iliyonse ili ndi mbali ziwiri, nthawi imene imayaka ndi madigiri amene imawonjezera. Kamtengo kamodzi kamayaka mphindi pafupifupi 7 ndi theka n'kuwonjezera digiri imodzi. Chikuni cha cedar chimayaka ola, cha mtengo wa fir ola ndi theka. Malasha amayaka ola limodzi koma amakweza madigiri 20, kungoti sungawaike pamoto wongoyamba kumene, umayenera uyake kaye kwa kanthawi. Ndiye kukazizira kwambiri, timitengo 15 toponya nthawi imodzi timakufunditsa msanga kuposa chikuni chimodzi chachikulu, ngakhale chikunicho chili cholemera ndipo unavutika nacho kuchidula ndi nkhwangwa. Timitengo timene ndinkatinyoza tija tsopano ndimatola kalikonse ndikapeza panjira.

Mayeso enieni anabwera tsiku la 7. Ndinali pa nyanja youndana ndikuwedza, mlengalenga munayamba kuda chakumadzulo, akhwangwala amene ankazungulira patsidya anasowa. Kale ndikanathamanga kuti ndikafike ku Camp Office chimphepo chisanandipeze. Ulendo uno ndinakhala m'kanyumba ka asodzi momwemo, ndinakoleza kachitofu kam'katimo, kamene mphepo siingakazimitse. Tinyumba timeneti timazizirabe, si ngati nyumba yeniyeni, ndiye ndinathira timitengo mpaka Feels Like inakwera pamwamba pa ziro, kenako fir ziwiri kuti moto ukhalitse. Kugona ndinkagona ola limodzi limodzi, kudzuka, kuona nambala, kusonkhezera, kugonanso. Panja mphepo ikulira m'mahedifoni mpaka ine mwini ndinakoka bulangeti pampando pano. Pakati pa usiku nkhuni zinatsala za ola limodzi ndi theka, ndipo ndinaleka kugona, ndinangokhala n'kumasungunula sinowo m'chitini kuti motowo ugwire ntchito ziwiri. Kunja kutayamba kuyera mphepo inaleka. Ndinatuluka ndi nsomba ziwiri zowotcha, madzi okwanira, condition isanatsike ngakhale pang'ono. Manja anga enieni anali akunjenjemera pa kiyibodi.

Pa nkhani ya mahedifoni, ndiyamikire mnyamata wina amene ali ndi kashopu ka zipangizo za mafoni ndi makompyuta kufupi ndi msika waukulu m'tauni muno. Ndi yemwe anandipezera RAM chaka chatha pamene ndinkakweza laputopu yangayi kuchoka pa 4 GB kufika pa 8 GB. Amakulola kuyesa chinthu usanalipire, ndipo chikakanika amakusinthira popanda mkangano. Mahedifoni amenewa ndi otchipa, koma mu gemu iyi makutu ndi theka la moyo. Mmbulu umayamba kuumva usanauone, ndipo kusintha kwa mphepo kumamveka kusanaoneke. Pa masipika a laputopu zonsezi zinkandidutsa. Gemuyo ndimaiyendetsa pa zoikamo zotsika, mithunzi ndinachepetsa, ndipo ikuyenda bwinobwino kupatula mkati mwa damu mmene imagwiragwira pang'ono. Batire ndiye latha mphamvu, magetsi akangothima ndimakhala ndi mphindi 20 zokha, choncho ndinazolowera kuti akathima ndithamangire m'nyumba yapafupi, chifukwa gemu imaseva ukalowa pakhomo kapena ukagona.

Zina zing'onozing'ono ndaphunzira mwachangu. Madzi osungunula okha osawiritsa amadwalitsa m'mimba, ndipo ukawaiwala pamoto amaphwera, chitini n'kutsala chouma. Chitini chimatenga theka la lita, poto malita 2, ndiye poto amene ndinamupeza ndimamusamala ngati mwana. Machesi ndinasiya kuwawononga: ndimayatsa kaye muuni ndi kamtengo kamodzi ka machesi, ndiyeno moto ndimayatsira muuniwo, ukakanika ndimangoyesanso popanda kutaya machesi ena. Akalulu ndikuwagenda ndi miyala, ngakhale pa miyala isanu umodzi wokha ndi umene umagunda. Nyama yaiwisi ndi matumbo sindiyenda nazonso m'chikwama mtunda wautali, chifukwa tsiku la 5 mmbulu unanditsata kuchokera ku Trapper's, kanyumba ka mlenje, mpaka kunjanji chifukwa cha fungo, ndinapulumukira flare imodzi yomwe ndinali nayo, kamuuni kofiira kamene mimbulu imaopa. Bala la pamkono ndinalimanga ndi ndere zija zolendewera m'mitengo, old man's beard, poti mankhwala opha tizilombo ndinalibe.

Chimene chikundivutabe ndi zovala. Jekete langa lili pa 40 peresenti, nsalu zosokera zatha, ndang'amba kale makatani onse ndinawapeza. Zovala zikanyowa ndi sinowo zimaundana, ndipo zikaundana sizifunditsanso, ndiye madzulo aliwonse ndimazivula n'kuziyala pafupi ndi chitofu. Pansi m'Camp Office pali zikopa zitatu za akalulu, chikopa chimodzi cha gwape ndi matumbo anayi zikuuma. Za akalulu zimafuna masiku 3, matumbo ndi cha gwape masiku 5. Ndikufuna magolovesi a kalulu poyamba, nsapato za gwape pambuyo. Anzanga amene munapanga kale zimenezi, kodi munayamba ndi ziti? Ine manja ndi amene akundidetsa nkhawa chifukwa magolovesi ndili nawowa ndi ansalu, ndipo frostbite, kuvulala kwa khungu ndi chisanu, ikakugwira imadula condition yako mpaka kalekale, siibwerera.

Sindinafikebe pa Well Fed, ija imabwera ukatha maola 72 osagona ndi njala n'kukuwonjezera makilogalamu 5 onyamula. Kawiri ndafika pafupi, n'kuiphonya chifukwa chosunga zitini za mawa. Tsopano poti nsomba zikupezeka komanso ma cattail, zomera zodyedwa za m'mbali mwa madzi, ali mbwee m'mphepete mwa mtsinje wopita kudamu, lililonse ma calorie 150, ndikuona kuti zitheka sabata ino. Mapu ndayamba kujambula ndi makala otsala pamoto, ngakhale mbali ya ku Forestry Lookout idakali yakuda yonse.

Zikopa zikauma ndikufuna kutsika kudzera ku Ravine, kuwoloka mlatho wa njanji uja, kukafika ku Coastal Highway. Kumeneko ndikalowe mumgodi wopita ku Pleasant Valley ndikatole malasha odzaza chikwama, chifukwa ndikufuna kudzaona ndi maso anga moto wokwera madigiri 20 ndi chidutswa chimodzi. Msuweni wanga akuti Pleasant Valley ndi kwa zimphepo zosatha, ndidikire kaye mpaka ndikhale ndi chikhoti cha chikopa cha mmbulu. Mwina ndimumvera. Koma mtima wanga uli pamwamba pa Timberwolf Mountain, pamene pali mchira wa ndege ina yogwa, ndipo ndikufuna ndikafikeko pa sevu yomweyi lisanakwane tsiku la 50, kuzizira kwa ku Mzuzu kuno kusanathe. Uta sindinapange, mfuti ili ndi zipolopolo zitatu, chingwe chokwerera phiri sindinachigwirepo. Mawa ndikaweruka kuntchito ndiyamba ndi kutola timitengo kuseri kwa Camp Office, mbendera ikalola.