Lachinayi: ndinapita kuboma kukafunsa za ulalo

Ndinadzuka kusanache, chifukwa mwezi wa Okutobala ulendo wa kuboma umafuna kuuyamba dzuwa lisanakwiye. Mayi a kunyumba anandimangira nshawa zokazinga m'kapepala ndi botolo la thobwa, ine n'kukulunga fayilo yanga yabuluu m'pulasitiki kuopa fumbi. Mnyamata wa njinga yamoto, amene ndinamuphunzitsa ndekha giredi 5 zaka zapitazo, anali atafika kale pamsewu.

Titafika pakamtsinje kathu sanachepetse n'komwe liwiro. Mchenga wokhawokha, ana awiri akukumba kachitsime pakati penipeni. Iye n'kutembenuka akuseka: "A Ticha, ulalo mukuvutikirawu ndi wa pano? Madzi ake ali kuti?" Ndinangoti yang'ana kutsogolo. Akudziwa bwino mwanayu kuti Febuluwale akafika madzi apa amalekeza m'chifuwa, ana a tsidya lino amajomba kusukulu sabata yathunthu, ndipo ngolo yonyamula mayi wapakati imaima pagombe kudikira kuti madzi aphwe. Vuto la ulalo ndi lomwelo. Nthawi yoti umangidwe palibe amene amaukumbuka, ndipo nthawi imene aliyense akuulira simungathire simenti.

Kwa amene simundidziwa, chipumireni pauphunzitsi ndine mlembi wa komiti ya chitukuko ya wodi yathu, ija timangoti WDC. Malipiro palibe. Chimene chilipo ndi mafunso. Kuyambira 2022, pamene ndalama za CDF, thumba la boma la Zambia la chitukuko cha m'makonsitichuwense, zinadumpha kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 zinafika pa K36.1 miliyoni, anthu akandiona ndi fayiloyi amayesa mamiliyoniwo ali momwemo. Ndimafotokoza mpaka malovu kuuma kuti ndalamazo ndi za konsitichuwense yonse, kuti momwemo mutuluke mabasale a ana a sekondale yogonera konko ndi a sukulu za luso la manja, ngongole ndi thandizo la magulu a amayi ndi achinyamata, madesiki, makalasi, mijigo, zipinda zochiriramo amayi. Amagwedeza mutu, kenaka wina n'kufunsa: "Nanga zathu zili kuti?"

Kukhonsolo ndinapeza benchi ya pakhonde itadzaza kale. Ndimaikonda benchi imeneyi, pakuti ukakhalapo ola limodzi umadziwa ntchito ya khonsolo kuposa wowerenga lamulo lake la 2019. Kumanja kwanga kunali mayi wofuna pepala la malo amene bambo ake anamusiyira. Kalaliki anamuuza mwaulemu kuti malo a mfumu sasanduka a taitolo popanda kalata ya mfumu yaikulu ya deralo, ndipo khonsolo imangopereka maganizo ake kwa a Commissioner of Lands, mkulu wa boma woona za malo. Mayiyo anali ndi kalata ya anyakwawa yokha. Anaipinda pang'onopang'ono, n'kuibwezera m'mpango, ulendo wa tsiku lonse wapita pachabe. Kumanzere kunali bambo wa kabala wodzalipira laisensi, akudandaula kuti mnzake wogulitsa kachasu kuseri kwa msika salipira kanthu. Panalinso kamtsikana kofuna kuphunzira zosoka, kagwira reji yake, chitupa cha unzika, ndi manja awiri ngati iuluka.

Malaiti anali atathima kuyambira usiku, choncho makompyuta anali chete. Wolandira ndalama anatulutsa buku lakale la malisiti ndi kaboni, ntchito n'kumayenda. Ndinakumbuka K7.50 ija ya personal levy, msonkho wa khonsolo, imene inkadulidwa pamalipiro anga kawiri pachaka, ine n'kumadandaula ngati andilanda ng'ombe. Lero ndikamaona kuti ndalama za khonsolo yaing'ono ngati yathu zimatoleredwa motere, pang'onopang'ono, pa tebulo la tomato, pa basi yoima pasiteshoni, pa pulani ya nyumba, sindidabwa kuti thirakitala ya zinyalala imakhala masiku yosayenda.

Cha m'ma 9 ndinalowa mu ofesi ya mapulani. Mnyamata wa mmenemo ndi wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri, koma ndinavula chipewa, pakuti mpando ndi mpando. Anandipatsa moni wa "Atate", n'kufukula fayilo yathu pansi pa mulu. Zonse zimene ndinkadziwa kale anandibwerezera: komiti ya CDF inavomereza, injiniya anabwera kudzayeza, tenda inalengezedwa. Chatsopano n'chakuti kontirakita wapezeka, koma mapepala a mgwirizano sanamalizidwe kusainidwa. Ndinafunsa kuti adzafika liti pamalopo. Anayang'ana kalendala ya pakhoma, kenaka denga, n'kunena kuti ndidzayendereko sabata yamawa. Sindinakwiye naye. Nkhope yake inkaonetsa kuti mvula ya Novembala nayenso akuiwerengera masiku.

Koma sindinatuluke chimanjamanja. Ndinali nditalemba kalata ya komiti makope awiri, ndipo ndinaumirira kuti kope langa alidinde ndi kulemba deti. Ndalama ya njinga anasonkha ndi anthu, wina K2 wina K5, ndipo ndikabwerera ndi mawu apakamwa okha, mawa padzamveka kuti a Ticha anakadyera nyama kuboma. Chidindo chinali chouma inki. Anachiuzira mpweya kawiri, n'kuchikanikiza ndi thupi lonse.

Mwamwayi lero linali tsiku la msonkhano wa makhansala onse, ndipo a khansala athu atandiona pakhonde anandikoka dzanja kuti ndikakhale kumbuyo. Ambiri sadziwa kuti munthu wamba amaloledwa kukhala n'kumamvetsera, bola osalankhula. Ife kuno tilibe meya ndi Town Clerk ngati ku Chipata, kumene kunakhala mzinda mu 2017. Tili ndi wapampando wa khonsolo, amene kuyambira 2016 timamusankha tokha pavoti, ndi Council Secretary, mkulu wa ogwira ntchito kukhonsolo, pambali pake. Mafumu nawonso ali ndi mipando yawo mmenemo, yosapitirira itatu. Inaimbidwa nyimbo ya fuko, pemphero, kenaka Chingelezi chokhachokha. Gogo wina amene anakhala pafupi nane anapirira mphindi makumi awiri, n'kutuluka mwakachetechete.

Theka la ola linathera pokonza maminitsi a msonkhano wapitawo, wina akuti dzina la wodi yake analilemba molakwa. Za mapoloti atsopano anadutsapo msangamsanga, mwina mwamsanga kuposa mmene ndikanakondera. Ndiye inabwera nkhani ya nkhumba.

Nkhumba zoyendayenda pamsika, chimbudzi cha pamsika chimene chadzaza, ndi ngalande zotsekeka ndi mapulasitiki. Apa Chingelezi chinayamba kuthawa. Khansala wina wachizimayi anaimirira n'kunena m'Chinyanja chenicheni kuti amayi amalipira tikiti tsiku lililonse, koma akafuna kudzithandiza amapita kuseri kwa chigayo, nkhumba zili pambuyo. Wina anati nkhumbazo zigwidwe, eni ake alipe. Wina anafunsa kuti zikagwidwa zisungidwa kuti, ndipo adzazidyetsa ndani. Holo yonse inaseka, ngakhale a mfumu. Poyamba ndinkapsa mtima kuti ulalo wanga ukudikira nkhumba, koma ndinakumbuka Januwale wa 2024, pamene kolera inachititsa kuti masukulu m'dziko lonse asatsegulidwe mpaka mu Febuluwale. Wa zaumoyo ataimirira kufotokoza kuti mvula yoyamba idzakokolera zonsezo kuzitsime za m'komboni, kuseka kunatha. Anagwirizana kuti chimbudzi chipopedwe mwezi uno usanathe, ndipo eni nkhumba achenjezedwe pa wailesi ndi m'matchalitchi.

A khansala athu anafunsa za ulalo chakumapeto, anthu atayamba kale kuyang'ana mafoni. Yankho linali lomwe lija la mu ofesi, kungoti lovala jekete. Koma linalowa m'maminitsi, ndipo ndinaona ndi maso anga kalaliki akulemba.

Nsima tinakadyera kumsika komweko, ya nyemba ndi lepu, ine ndikuyang'anayang'ana pansi pa tebulo. A khansala anadya pang'ono, foni ikungolira. Maliro awiri m'wodi, kwina akufuna bokosi, kwina galimoto yonyamula thupi kuchoka kuchipatala. Anati anthu saona kusiyana pakati pa thumba la khonsolo ndi thumba la buluku lawo, ndipo chisankho cha Ogasiti 2026 chikamayandikira, kukana kulikonse kumawerengedwa. Mbale zonse ziwiri analipira ndi iwo, ine sindinalimbane nawo.

Pobwerera kunali kamphepo kotentha, ndi mitambo yoyamba chaka chino itaunjikana chakum'mwera. Anyakwawa ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akundidikira ndi madoda atatu. Ndinagwada, n'kupereka kalata ija. Saona bwino masiku ano, koma chidindo anachipeza ndi chala, n'kuchisisita.

"Ndiye akuti liti?"

"Akuti ndikayendereko sabata yamawa, mfumu."

Anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa za miyala ndi mchenga zimene mudzi unatuta chaka chatha monga mbali yathu. Mulu wa mchenga unatha kale, wina anapita ndi madzi, wina anamangira makhonde a anthu. Miyala ikadalipo, koma ili m'munsi kwambiri, pamene madzi oyamba adzaikwirira. Tapangana kuti Loweruka m'mawa nyumba iliyonse itumize munthu mmodzi, ndipo amene ali ndi ngolo abwere nazo, tikaikwezere pamtunda pafupi ndi mkuyu.