Za Mahuguenot, phunziro lomwe landisowetsa tulo sabata ino

Semesita ino tikuphunzira mbiri ya mpingo, ndipo kunena zoona ine ndimangoloweza zaka kuti ndikhoze mayeso basi. Koma titafika pa Mahuguenot, Aprotestanti a ku France aja, eee apa pokha pandigwira mtima.

Mu 1598 mfumu Henri IV inawapatsa ufulu wopemphera mwa lamulo la ku Nantes, kenako mu 1685 mdzukulu wake Louis XIV anangolifafaniza. Matchalitchi kugwetsa, abusa kuwapatsa masiku 15 kuti achoke m'dziko, koma akhristu wamba kuwaletsa kuthawa. Asilikali amawaika m'nyumba za anthu, kudya chakudya chako, kuswa katundu, mpaka utope uvomere kusiya mpingo wako. Anthu pafupifupi 200,000 anathawabe, ena mpaka ku Cape cha m'ma 1688, maina a Du Toit ndi Du Plessis omwe timawamva ku South Africa aja anachokera kumeneko.

Ndiye pali mayi uyu Marie Durand. Anamutsekera mu nsanja yotchedwa Tour de Constance m'tauni ya Aigues-Mortes ku France komweko mu 1730 ali ndi zaka 19, anatuluka mu 1768. Zaka 38 abale, pomwe akanangonena kuti ndasiya, akanamutsegulira. Mchimwene wake Pierre anali mbusa, anamupachika mu 1732. Pa mwala wina m'ndendemo panagobedwa liwu lotanthauza kuti musagonje, ndipo amati anagoba ndi iyeyo. Ndinatseka kope kaye, ine amene mvula ikangowaza Lamulungu m'mawa ndimakoka bulangete.

Koma chandidabwitsa kwambiri ndi mmene mpingowo unadzukiranso. Ine chitsitsimutso ndimachidziwa ngati msonkhano wa pabwalo, masipika, kulira, kugwa. Kumenekonso aneneri analipo, ena mpaka anatenga mfuti pa nkhondo ya ma Camisard, Mahuguenot omwe anaukira mfumu, mu 1702, koma sizinapite patali. Amene anakonza zinthu ndi mnyamata wa zaka pafupifupi 20, Antoine Court, yemwe mu 1715 anaitanitsa kasinodi kamseri ka anthu ochepa, nkugwirizana zosankha akulu a mpingo, kubwezeretsa mwambo ndi kumalalikira za m'Baibulo osati masomphenya. Amapemphera kutchire usiku, alonda atayima pa zitunda, nchifukwa chake amautcha mpingo wa m'chipululu. Pambuyo pake anakatsogolera sukulu ya abusa ku Lausanne m'dziko la Switzerland, ophunzirawo akudziwa kuti akabwerera kwawo akhoza kupachikidwa. Boma la France linadzavomereza Mahuguenot mu 1787.

Ndiye tangoganizani, seshoni ya akulu a mpingo yomwe ine ndimaiona yotopetsa ija, ya maminitsi ndi milandu, anthu amaichita moika moyo pachiswe. Nkhani yanga yolemba ndasankha ya Court yemweyu, aphunzitsi akufuna masamba 8 pofika Lachisanu ndipo ndangolemba awiri.