Si ine ndinazimitsa magetsi pamaliro paja

Popeza alamu anga ayamba kale kuifalitsa nkhaniyi mothira mchere ndi tsabola, mpaka anzanga a kuntchito akumandilizira zala ndikamadutsa, ndiloleni ndiinene ndekha mmene inayendera. Zimene ndinalankhula usiku umene uja zinali zoona zokhazokha. Malo ake okha ndi amene sanali bwino.

Tinali pa siwa kwawo kwa mayi a kunyumba ku Dedza, mwezi wa June, kuzizira kolowa m'mafupa kuja. Anatisiya ndi agogo awo, munthu woti anadya zaka zake zonse n'kubwerekako zina kwa anzake, choncho azibambo panja pamoto tinkacheza ndithu, kungoti motsitsa mawu. Mpira tinaumaliza cha m'ma 11. Mtengo wa feteleza tinaulira mpaka 12. Pofika 1 koloko akuluakulu ambiri anali atabisa mitu m'majekete, ndipo tinatsala maso ine ndi mlamu wanga wamng'ono, mnyamata wa ku yunivesite amene amaganiza kuti dziko linalengedwa mu 2008 pamodzi ndi filimu ya Iron Man.

Ine ndi iyeyu mlandu wathu ndi wakale. Unayambira pa Wolverine. M'makomiki, mabuku a nthano za zithunzi aja, Wolverine ndi kamunthu kafupi, masentimita 160, kaukali ngati tsabola wa kambuzi, koma a filimu anakatenga Hugh Jackman, chimunthu chachitali ngati mlongoti. Alamu amati nkhaniyi ndimaikakamira chifukwa nanenso ndine wamfupi. Bodza limenelo. Ndimaikakamira chifukwa cha chilungamo, ufupiwo wangokumana nazo panjira.

Ndiye mnyamata uja, akuwotha manja, anangoyambitsa za Thanos, chimphona cha mufilimu chimene chinafafaniza theka la anthu onse, n'kuti, "Koma alamu, Thanos uja anali ndi mfundo. Anthu achuluka, chakudya n'chochepa. Kuchotsapo theka si nkhanza, ndi masamu."

Mkamwini wanzeru akanangoti "eee" n'kusonkheza moto. Koma ine buku lake ndili nalo kunyumba. The Infinity Gauntlet, yolemba Jim Starlin, 1991, zigawo 6. Ndinaligula kwa mavenda a mabuku ku Limbe, lopanda chikuto, masamba awiri makoswe atalawako, koma nkhani yonse ilimo. Zoti Thanos akudandaula za chakudya n'za filimu ya 2018, anafuna kuti chimphona chawo chapepo, cha chibwano chonga mizere ya mbatata chija, chioneke ngati mlangizi wa zakulera. M'buku chimene chikumuyendetsa mkuluyu ndi chibwenzi basi. Anagwa m'chikondi ndi Imfa, imene ojambula amaionetsa ngati mkazi wovala mkanjo, ndipo zonse akuchitazo n'zofuna kuti mayiyo amuyang'aneko.

Ndinayamba monong'ona, Mulungu ndi mboni. Koma amayi a kwaya m'nyumbamo anali pa ndime yomaliza ya nyimbo, akukweza, alamu akuti sakumva, nanenso n'kumakweza. Iwo akukwera, ine ndikukwera. Kenako amayi aja anafika pa "Ameni" n'kusiya, osandichenjeza, ndipo mawu anga anatuluka okha pabwalo lonse ngati chimkuzamawu cha pamsonkhano wa chipani:

"Imfa ndi mkazi, alamu! Munthuyo anapha theka la anthu kuti mkaziyo amulole!"

Zii. Ngakhale nkhululu zinasiya kulira kuti zimve bwino. Mkulu wina amene anagona kuyambira 10 koloko anatsegula diso limodzi n'kundiika m'menemo. Alamu anga, munthu amene anayambitsa zonsezi, anapezeka akufunafuna chinachake pansi pa benchi.

Posakhalitsa nyakwawa inafika n'kundigwira paphewa mwaulemu woopsa. "Akamwini, a mfumu akuti mufike kuno pang'ono."

Ndinakanjuta pamaso pa a mfumu, n'kuomba m'manja. Pamwamba pathu panali babu limodzi lopachika mumtengo wa mango, jenereta ikulira kuseri kwa nkhokwe. Apongozi anga aamuna anakhala pambali akuyang'anitsitsa nsapato zawo ngati azigula kumene.

"Tamva kuti mukumudziwa amene akupha anthu," anatero a mfumu.

"Ayi gogo, ndi nthano chabe, ya ku America."

"Dzina lake?"

"Thanos, gogo."

"Wa mudzi wanji?"

"Wa ku Titan." Ndikanalekera pomwepo. Koma pakamwa pangapa pali ndi moyo wakewake. "Kungoti gogo, m'buku Titan ndi mwezi wa Saturn, koma a filimu anausandutsa pulaneti, zomwenso analakwitsa."

Apongozi anatsokomola, kutsokomola kosachokera m'chifuwa.

"Mkazi mukunenayu munamuonapo?"

Apa ndinaganiza kuti umboni undipulumutsa. Ndinatulutsa foni n'kupeza chithunzi cha m'komikimo. Tsoka lake, mayiyu nthawi zina amamujambula wokongola, nthawi zina chigaza chokhachokha m'kati mwa mkanjo, ndipo chimene chinatseguka ndi cha chigazacho. A mfumu anachiyang'ana kwa nthawi, osachigwira.

"Nanga anthu ochuluka chonchowo anawapha ndi chiyani? Mfuti? Mankhwala?"

"Ayi gogo. Anavala gulovu yokhala ndi miyala 6, kenako anangochita chonchi."

Ndinakweza dzanja. Ndinaliza zala. Thwa!

Jenereta inatsokomola kawiri n'kufa.

Abale anga, mdima wa ku Dedza si mdima wa m'tauni. Unatigwera ngati bulangete lonyowa. Moto uja unali utatsala makala okhaokha, ndipo kuwala kokha pabwalo lonselo kunali kwa foni yanga, itandiunikira nkhope kuchokera kuchibwano, pagalasi pali chigaza chikuseka, dzanja langa lili m'mwamba, zala zikadali mmene zinalirira. Ndinkafuna kulitsitsa koma ndinaopa kuti ndikaligwedeza pachitikanso china. Ndinangoima choncho, kapena kuti ndinangonjuta choncho, ngati chiboliboli cha pamsika wa alendo.

M'nyumba muja kulira kunasintha giya. Poyamba amayi ankalira agogo, tsopano ankadzilira okha. Wina anayambitsa pemphero la moto, lotchula mizimu yoipa mayina ake onse ndi kumene imachokera. Galu amene anagona phee usiku wonse anadzuka n'kuuwa, osati kutchire, koma kwa ine. Ndinamva benchi ikugwa, patapata akuthamanga payekha kulowera kumunda, ndi mawu a mkulu wogona uja akufunsa mdima kuti, "Tatsala angati?" Malume ena anayamba kuitana ana awo mmodzimmodzi monga aphunzitsi m'kalasi, aliyense akayankha iwo n'kumati "zikomo Ambuye", mpaka anaitana mwana amene ali ku Johannesburg chaka chachitatu, ndipo atapanda kuyankha anayamba kulira.

Kenako kamphepo kanauluza phulusa la pamoto paja n'kundithira pa thalauza. Ndinaliona ndi kuwala kwa foni likutera pabondo langa. Sindinama, kwa kamphindi ndinakhulupirira kuti ndayamba kuyoyoka. Chimene chinandilimbitsa mtima n'chakuti zosanduka phulusa n'za mufilimu, m'buku anthu amangozimiririka mwaukhondo. Ndiye amene mumati kuwerenga makomiki kulibe phindu, onani pamene kunandithandiza.

A mfumu okha sanasunthe. Ndinangomva mawu awo mumdimamo, odekha ngati akupempha madzi akumwa: "Akamwini, lizaninso kuti ayake."

Ndinaliza. Sanayake. Ndinalizanso ndi dzanja lamanzere.

Anatipulumutsa ndi kamnyamata kamene kanachokera kuseri kwa nkhokwe ndi tochi n'kulengeza kuti mafuta atha. Anthu anapuma. Ena anaseka. Patapata uja anabwerera kuchokera kumunda n'kunena kuti anakataya madzi. Zikanathera pomwepo pakanapanda apongozi aakazi kufunsa ali pakhomo kuti, "Mafuta atha bwanji, si tinatuma akamwini masana kuti akagule malita 5?"

Apa ndiye pamene alamu amanamapo kwambiri akamafotokoza. Sindinabe ndalama ya maliro ine. Ndinagula malita 3 chifukwa ndinawerengera kuti jenereta yaing'ono ngati imene ija singamwe 5 usiku umodzi, ndipo yotsalayo ndinali nayo m'thumba, kupatulako pang'ono imene inapita ku bandulo ya intaneti. Popanda banduloyo chithunzi chija ndikanachipeza bwanji?

Mlandu unaweruzidwa ndi kandulo. A mfumu asanagamule anafuna kudziwa chinthu chimodzi: mkaziyo anamulola? Ndinafotokoza kuti ayi, sankamuyankha n'komwe, moti Thanos anafika podzipangira mkazi wina, Terraxia, kuti Imfa achite nsanje, koma sanachite, ndipo mapeto ake gulovu ija anamulanda ndi munthu wina wa m'nkhanimo, Nebula.

A mfumu anapukusa mutu. "Ndiye wa m'buku mwanuyo ndi chitsiru. Wa mufilimuyo ndikumumvetsako, ine milandu ya malire a minda ndimaweruza sabata ndi sabata." Alamu anatulukira pansi pa benchi nthawi yomweyo, nkhope ikuwala kuposa kandulo.

Anandilipiritsa nkhuku imodzi chifukwa cha phokoso pa siwa, ndi malita 2 aja. Nkhukuyo anadya adzukulu atachoka kumanda, ine sanandipatseko ngakhale khosi. Mayi a kunyumba sanandilankhule kuchokera ku Dedza mpaka pa Zalewa, ndipo pamenepo anangoti buku lija akalipeza ayatsira mbaula. Ndalisamutsira ku ofesi, lili m'dirowa ya pansi. Mwezi wamawa kuli chinkhoswe kumudzi komweko, ndipo alamu atumiza kale uthenga kuti tikamalize za Wolverine.