Kukaona wodwala: nyimbo ikatha, manja agwire chiyani?

Lachinayi masana mumakumana nawo m'njira amayi a Mvano kapena a Chigwirizano, ali m'yunifolomu, Baibulo kukhwapa, akukaona wodwala. Amayi a Dorika ku Adventist ndi akhristu a m'miphakati ya Katolika nawo ali ndi masiku awo. Mwambo umenewu ndi chuma cha mpingo. Chondiwawa n'chakuti maulendo ambiri amathera pakamwa. Anthu 20 athithikana m'kachipinda, nyimbo ziwiri, mawu, pemphero, kambale kayenda, atsanzika. Atuluka, wodwala ali chigonere mbali yomwe ija anagonera m'mawa, mumtsuko mulibe madzi, ndipo womudwazika watha masiku atatu osaona tulo.

Yakobo 2:15-17 akufunsa phindu la kuuza mbale wausiwa ndi wanjala kuti apite mumtendere, akafunde ndi kukhuta, chonsecho osam'patsa kanthu. Chikhulupiriro choterocho akuchitcha chakufa. Sitigula chipulumutso ndi ntchito, Aefeso 2:8-9 anamaliza nkhaniyo, koma ndime 10 ikuti tinalengedwera ntchito zabwino. Ndipo Dorika wa ku Yopa, amene amayi amatenga dzina lake, akazi amasiye anamulira akuonetsa Petro malaya amene anawasokera ndi manja ake.

Choyamba, chepetsani chiwerengero. Gulu lonse libwere kamodzi kudzaimba panja, pakhonde, koma ntchito yeniyeni ndi ya anthu awiri kapena atatu, mosinthana, mayina ndi masiku zitalembedwa m'kope. Khamu m'chipinda limam'topetsa wodwala, ndipo ngati akutsokomola chifuwa chachikulu cha TB, zenera lili chitsekere, mwaika pachiswe gulu lonse. Mukafika, funsani wodwazika: mwadya? Mwagona? Nthawi zambiri chithandizo chachikulu pa tsikulo ndi kumuuza kuti, “Mayi, kagoneni maola awiri, ife tilipo.” Wina atunge madzi, wina awaze nkhuni, wina achape zofunda.

Pamene pamafunika luso ndi pa wodwala wosatha kudzitembenuza, monga wofa ziwalo ndi sitiroko kapena gogo amene wafookeratu. Thupi likatsamira malo amodzi nthawi yaitali, magazi sayenda pakati pa fupa ndi mphasa, khungu limayamba kufera mkati. Zilonda zimayambira pafupa la kumatako, m'mbali mwa chiuno, ku zidendene, m'zigongono ndi pamapewa. Mankhwala ake ndi otchipa: kumutembenuza maola awiri aliwonse, kumanzere, chagada, kumanja. Musam'khwekhwereze, chifukwa khungu lake ndi lofewa, limasupuka. Yalani chitenje cholimba pansi pake kuyambira m'mapewa mpaka m'ntchafu, anthu awiri mugwire uku ndi uku, mum'nyamulire pa chitenjecho. Akagona chammbali, ikani pilo kapena nsalu yopinda pakati pa mawondo. Akagona chagada, ikani nsalu pansi pa akatumba a miyendo kuti zidendene zilendewere osakhudza pogona.

Pomusambitsa, yang'anani malo amenewa tsiku lililonse. Pa khungu lakuda chizindikiro sichioneka chofiira monga amajambulira m'mabuku. Malowo amada kuposa pena ponse, amatentha kapena kulimba mukakhudza. Apa ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino: amapatikita mwamphamvu poganiza kuti akuyendetsa magazi, pamene akuphwanya minofu yodwala kale. Ingochotsani kulemera pamalopo, asagonerepo mpaka patabwerera mwakale. Ngati pabooka, tsukani ndi madzi owiritsa ozizira, supuni imodzi yaing'ono ya mchere mu theka la lita, phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo uzani mlangizi wa zaumoyo. Osathirapo phulusa, dothi kapena ufa wa m'makapisozi. Chilonda chikayamba kununkha, kutuluka mafinya, kapena thupi litatentha, ndi ulendo wa kuchipatala tsiku lomwelo.

Mkodzo nawo umadya khungu. Yalani pepala la pulasitiki pansi, koma pamwamba pake pakhale nsalu; pulasitiki wokhudza thupi amatulutsa thukuta. Nsalu ikanyowa isinthidwe pomwepo, khungu lipukutidwe mosakhula, lipakidwe Vaseline pang'ono. Magolovesi akasowa, majumbo awiri osabooka amathandiza pochotsa zoipa, kenako kusamba m'manja ndi sopo. Ndipo ulemu: vundukulani mbali yokhayo mukusambitsa, tsekani chitseko, bambo asambitsidwe ndi abambo anzake. Apa abambo a mumpingo ndiwasowetse mtendere pang'ono. Ntchito imeneyi mwaisiyira amayi kwa nthawi yaitali, pamene mdala amene wagona uja akuchita manyazi kusambitsidwa ndi mpongozi wake.

Pa zakudya, gulu limakonda kugula buledi, shuga ndi zakumwa za m'botolo. Ndalama yomweyo ikhoza kupita patali ndi ufa wa phala la likuni: mbale zinayi za chimanga pa mbale imodzi ya soya. Soya akazingidwe kaye mpaka fungo lauwisi lichoke, apetedwe, ndiye apite kuchigayo pamodzi ndi chimangacho. Wosakazinga amatupitsa m'mimba. Pophika onjezani nsinjiro, supuni ya mafuta kapena dzira, chifukwa wodwala amadya pang'ono, choncho supuni iliyonse ikhale ndi mphamvu. Kuli bwino kum'patsa pang'onopang'ono kasanu patsiku kusiyana ndi kum'kakamiza mbale yodzaza kawiri. Musam'dyetse atagona. Mukhazikeni tsonga, mutsamiritse msana, mudikire ameze musanaikenso supuni ina, ndipo akhalebe choncho theka la ola atamaliza. Wa sitiroko akamatsamwa ndi madzi, phala lolimbirako limamezeka bwino kusiyana ndi lamadzimadzi. Chakudya chikalowa m'mapapo chimayambitsa chibayo.

Akatsekula m'mimba, paketi imodzi ya Thanzi ORS isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi abwino, osati m'kapu. Paketi ikasowa, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere pa lita imodzi ya madzi abwino. Mchere ukachuluka umavulaza, ndiye lawani: usapose kukoma kwa misozi. Zotsala zikatha tsiku limodzi zitayidwe.

Tsopano nkhani imene tiyenera kuuzana mosabisa. Pemphero silichotsa mankhwala. Kuyambira 2004 ma ARV akhala akuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma, ndipo anthu amene tinkawalira ali moyo anadzuka n'kubwerera kumunda. Wowasiya chifukwa wauzidwa kuti wachiritsidwa, kachilombo kamachulukanso m'thupi, ndipo mankhwala aja akhoza kusiya kugwira. TB nayo imafuna miyezi 6 yathunthu, ngakhale munthu atayamba kupeza bwino pa mwezi wachiwiri. Wa matenda a shuga amene ali pa mankhwala musam'lamule kusala kudya. Shuga akatsika kwambiri amakomoka. Yakobo 5:14 akuti akulu a mpingo aitanidwe kudzapemphera, inde, ndipo akulu omwewo atsegule buku la kuchipatala aone tsiku lokatenga mankhwala. Ngati chavuta ndi ndalama ya kabaza, thumba la gulu liyambire pamenepo. Kwa amene akuvutika ndi ululu wa khansa, kuli malo othandiza kuchepetsa ululu monga Tiyanjane ku Queen Elizabeth mu Blantyre ndi Ndi Moyo ku Salima; funsaninso kuchipatala cha boma lanu. Munthu asamabuule usiku wonse ife n'kumangoti apirire.

Zimene mwaona m'nyumbamo zitsale momwemo. Polengeza kutchalitchi, dzina ndi pempho la mapemphero n'zokwanira, matenda ake si anu kuti muwatchule. Zithunzi za wodwala atagwira paketi ya shuga, zoponya pa WhatsApp kapena Facebook, zimam'chotsera ulemu umene matenda am'siyira. Mateyu 6:3 akuti ngakhale dzanja lamanzere lisadziwe zimene lamanja likuchita.

Gulu lambiri limayamba ndi moto, sabata yachitatu n'kuzirala, pamene matenda a mgonagona amatenga miyezi. Choncho lonjezani zimene mungakwanitse: kawiri pa sabata kwa miyezi isanu kuposa tsiku lililonse kwa masiku khumi. M'kope muja lembani amene anapita, zimene anasiya, mmene khungu linalili ndi tsiku la kuchipatala, kuti obwera pambuyo ayambire pamene anzawo analekezera. Ndalama zisungidwe ndi anthu awiri, ziwerengedwe pamaso pa gulu mwezi uliwonse. Wodwala akatisiya, dzina la banjalo lisafufutidwe msanga. Pakatha sabata ziwiri za maliro, achibale abalalika, nkhokwe yatha ndi olira, munda sunapaliridwe. Pa ndandanda ya mwezi umenewo lembanipo tsiku la makasu.